Mwagula Yatsopano, Nanga Yakale Ija Ndi Ya Yani?

Lero ndikufuna kucheza makamaka ndi inu amene nsima yanu imachokera pa kompyuta: okonza makhadi a ukwati, ojambula zikwangwani za masitolo, oyala masamba a mabuku ndi nyuzipepala, ndi inu ojambula mapulani a nyumba. Enanu musasinthe siteshoni, chifukwa funso la lero agogo athu ankalidziwa kale kompyuta isanabwere: chinthu chimene walipirira ndalama zako, n'chako, kapena wangobwereka?

Tiyambire pa golosale. Mukapita kukagula chakumwa cha m'botolo la galasi mutanyamula botolo lopanda kanthu, mtengo umakhala wina. Mukapita chimanjamanja, mwini golosale amawonjezerapo ya botolo, kapena amakuuzani kuti mumwere pomwepo. Palibe amene amakangana nazo zimenezi. Tsono tiyerekeze kuti munthu walipira mtengo wa obweza botolo, mwini golosale watembenuka kukatenga chenji, iye botolo lakale lija waliponyanso m'thumba mwake, n'kukaligulitsa kuseri. Munthu ameneyu mungamutche dzina lanji?

Makampani opanga mapulogalamu ojambulira, monga Adobe, Autodesk ndi Corel, kwa zaka zambiri ankagulitsa mwa njira yomweyi. Munthu wogula koyamba ankalipira mtengo wonse. Amene anali kale ndi mtundu wakale wa pulogalamuyo ankalipira wotsika, umene amautcha upgrade. Kwa ife ogula zinkaoneka ngati tagula kawiri, ndiye kuti tsopano tili nazo ziwiri. Kampani inkawerenga mwina: laisensi ndi imodzi yomwe ija, yangosamuka kuchoka pa yakale kupita pa yatsopano. Vuto ndi loti botolo ukabweza limachokadi m'manja, pamene pulogalamu siichoka. Ikadali pa kompyuta, ikutseguka bwinobwino. Chimbale chake chili m'kabati, m'bokosi lomwe chinabweramo, nambala yake ili pa chikuto. Maso akukuuza kuti katunduyu ndi wako. Pangano lija unavomereza osaliwerenga, tsiku limene unadina batani uku ukukukuta chimanga, likunena zina.

Nkhani yotereyi inafikapo m'khothi ku America, ndipo ndi yokoma kuifotokoza. Mumzinda wa Seattle munali kampani ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba, dzina lake Cardwell/Thomas & Associates. Inali ndi makope khumi a AutoCAD, pulogalamu ya Autodesk, mtundu wotchedwa Release 14. Itatuluka AutoCAD 2000, kampaniyo inachita upgrade, n'kulipira madola 495 pa laisensi iliyonse, pamene wogula koyamba akanalipira madola 3,750. Tamvani kusiyana kwakeko. Koma mtengo wotsikawo unabwera ndi lamulo lakuti makope akale aja awonongedwe. Iwo sanawononge. Mu 2007, pogulitsa katundu wakale wa mu ofesi, anagulitsanso mabokosi a Release 14, manambala otsegulira atalembedwa pamanja.

Amene anagula makope anayi mwa amenewa ndi bambo wina, Timothy Vernor, amene ntchito yake inali yogula zinthu zakale n'kumazigulitsa pa eBay. Kuno tikanati wa kaunjika. Bamboyu sanali wojambula. Mapulogalamuwo sanawaike pa kompyuta yake n'komwe, ndipo pangano la Autodesk sanalivomerezepo. Iye ankangoona bokosi, mmene ungaonere buku lakale kapena wailesi imene mwini wake watopa nayo. Atawaika pa malonda, Autodesk inadandaula ku eBay kangapo konse kuti akuphwanya umwini wake, mpaka eBay inamutsekera akaunti kwa mwezi wathunthu. Munthu wodyera pomwepo! Vernor anakasuma.

Mfundo yake inali yosavuta kumva. Malamulo a ku America amati mwini buku kapena nyimbo akagulitsa kope limodzi, mphamvu yake pa kope limenelo yathera pomwepo. Wogulayo akhoza kuligulitsanso kapena kulipereka kwa mphwake, palibe womufunsa. Khothi loyamba, la ku Seattle komweko, linagwirizana naye. Autodesk inachita apilo, ndipo pa 10 Sepitembala 2010 khothi la apilo la Ninth Circuit linatembenuza chigamulo. Oweruza anati kampani ikanena kuti ikupereka laisensi chabe, n'kuletsa kupatsirana, n'kuikanso malire amphamvu pa kagwiritsidwe ntchito, ndiye kuti wolandirayo si mwini wa kopelo. Cardwell/Thomas sinali mwini, choncho inalibe choti n'kugulitsa, ndipo Vernor anagula mphepo. Anayesa kukagogoda ku khothi lalikulu la dziko lonse, koma mu 2011 linakana kumva mlanduwo.

Ine pa mlandu umenewu mtima wanga uli pawiri. Kampani ya mapulani ija sindiimvera chisoni: inachotseredwa madola oposa 3,000 pa laisensi iliyonse polonjeza kubweza botolo, kenako n'kukagulitsa botololo. Amene ndimamumvera chisoni ndi wa kaunjika uja, amene sanalonjeze kanthu kwa munthu aliyense. Ndipo chimene chimandisowetsa tulo ndi khomo limene chigamulochi chinatsegula, loti wogulitsa akhoza kusandutsa malonda kukhala kubwereketsa pongodziwa mawu oyenera kulemba pa pepala.

Ku Ulaya anaona mosiyana. Pa 3 Julayi 2012, khothi lalikulu la European Union ku Luxembourg linaweruza mlandu wa pakati pa Oracle ndi kampani ya ku Germany yogulitsa malaisensi ogwiritsidwapo kale ntchito, UsedSoft. Linati ngati munthu walipira kuti agwiritse ntchito pulogalamu popanda malire a nthawi, kumeneko ndi kugula, kaya pepala likutcha dzina lanji, ndipo akhoza kugulitsanso. Komabe ngakhale oweruza okoma mtimawa anaikapo lamulo: wogulitsa afafanize kope lake, lisagwirenso ntchito. Mwaona? Kulikonse kumene mungapite, botolo limodzi silikhala m'nyumba ziwiri.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simukufuna kugulitsa kanthu. Funso lanu ndi lakuti: ndaika yatsopano, kodi yakale ija ndingaisiye pa kompyuta yomweyi? Yankho limadalira pangano la kampani yake ndi la chaka chake, n'chifukwa chake pepala lija liyenera kuwerengedwa, ngakhale limagwetsa ulesi. Mapangano akale a Adobe, a nthawi ya zimbale ija, ankalola kuti mtundu wakale ukhalebe kuti ukuthandizeni pamene mukuzolowera watsopano, malinga ngati yonse iwiri ili pa kompyuta imodzi, ndiponso wakalewo simunaupereke kwa wina. Ankalolanso kuika pulogalamu pa makina awiri, ya pa desiki ndi laputopu, koma wogwiritsa ntchito akhale munthu mmodzi, osati zonse ziwiri nthawi imodzi. Chimene sichinkaloledwa ndi chimene ambirife timachiona ngati nzeru: yatsopano pa kompyuta ya abwana, yakale n'kuipereka kwa mnyamata wophunzira ntchito pa tebulo lachiwiri. Pamenepo anthu awiri akulima ndi khasu limodzi, ndipo kampani ikuwerenga kuti khasu lachiwirilo simunalipire.

Mpaka pamenepa ine sindikangana ndi makampani. Mkangano wanga ukuyamba tikafunsa chifukwa chimene munthu amakakamirira pulogalamu yakale. Amene sanakhalepo pa malo osindikizira amaganiza kuti ndi kuumira kapena kuopa zatsopano. Ndikuuzeni zimene ndinaona tsiku lina ku Limbe, nditakhala pa benchi kudikira ntchito yanga. Analowa amayi awiri a mvano, m'manja muli kabuku kothaitha, chikuto chake chomata ndi selotepi. Kanali kabuku ka malamulo ndi mapemphero a gulu lawo, kamene kanasindikizidwa pa shopu yomweyo zaka zambiri zapitazo. Ankafuna makope ena, pongosintha mayina a komiti pa tsamba lomaliza.

Mnyamata wa pa kompyuta anafufuza, fayilo n'kuipeza. Anaidina kamodzi, kawiri, osatseguka. Kabukuko kanayalidwa ndi PageMaker, pulogalamu imene mtundu wake womaliza, wa nambala 7, unatuluka mu 2001. Adobe inaika InDesign m'malo mwake, koma InDesign ya masiku ano mafayilo a PageMaker siiwadziwanso. Yomaliza kuwatsegula inali InDesign ya mtundu wotchedwa CS6.

"Amayi, izi zivutirapo pang'ono," anatero mnyamatayo akukanda m'mutu.

"Zivuta bwanji mwanawe, poti anapanga ndinu nomwe?"

Mnyamatayo anasowa choyankha, n'kukaitana abwana ake. Bambo aja anabwera osanena kanthu, anapita pakona n'kuvundukula chitenje. Pansi pake panali kompyuta yakale, pulasitiki yake itasanduka yachikasu, imene pa shopupo amaitcha Agogo. Inatenga nthawi kuti idzuke, ikulira ngati chigayo cha kutsidya. Koma fayilo inatseguka, tsamba lililonse pamalo pake, mzere uliwonse pamene unathera kale, ngakhale ŵ wa kachipewa uja, amene mukasamutsa ntchito kupita pa makina opanda font yake amakonda kusanduka kabokosi. Mayina anasinthidwa, amayi aja anauzidwa kuti adzatenge Lachisanu.

Kabuku kameneko ndi ka amayi a mvano aja. Kuyala kwake ndi thukuta la shopu ija. Adobe sinalembemo pemphero ngakhale limodzi. Koma kiyi wa chipinda chimene kabukuko kakusungidwa ali m'manja mwa mwini pulogalamu. Ojambula mapulani amazidziwanso izi: fayilo ya AutoCAD yosungidwa mu mtundu watsopano siitseguka pa wakale pokhapokha wotumizayo akumbukire kuitsitsa posunga. A CorelDRAW, amene ndi ambiri m'mashopu athu, amamva tsiku ndi tsiku wa makina osindikizira zikwangwani akunena kuti bwererani mukaisunge mu mtundu wakale, kuno siikutseguka.

Tsono zinthu zinasintha. Mu Meyi 2013 Adobe inalengeza kuti CS6, imene inatuluka mu 2012, ndiyo Creative Suite yomaliza. Kuchokera pamenepo zatsopano zonse zidzakhala mu Creative Cloud, yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Autodesk inatsatira mu 2016, n'kusiya kugulitsa malaisensi osatha. Mwini golosale uja tsopano akuti aliyense azimwera pomwepo, botolo lisatuluke pakhomo. Ukasiya kulipira lendi, pulogalamu imatseka, mafayilo ako uli nawo koma ukungowayang'ana.

Poyamba olipira lendiwa ankatonthozedwa kuti akhoza kutsitsa mitundu yakale yambiri mmene angafunire. Ndiye kunabwera kalata ya mu Meyi 2019. Adobe inalembera makasitomala ake, anthu olipira mokhulupirika mwezi uliwonse, kuwauza kuti mitundu ina yakale ya Photoshop, Premiere Pro, InDesign ndi ena alibenso chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo akapitiriza akhoza kuimbidwa mlandu ndi anthu ena apadera. Sinatchule kuti anthuwo ndi ndani. Atolankhani analoza kampani ya Dolby, imene mu 2018 inasumira Adobe pa nkhani ya ndalama za luso lake la mawu lomwe linali mkati mwa mapulogalamuwo. Nthawi yomweyo Adobe inachepetsa mitundu yotsitsa kufika pa iwiri yaposachedwa. Taganizirani munthu amene ali pakati pa filimu ya miyezi isanu ndi itatu, sakufuna kusintha pulogalamu kuopa kuti ntchito ingasokonekere, n'kulandira kalata yomuuza kuti mkangano wa njovu ziwiri, umene iye sakuudziwa n'komwe, wamusandutsa wolakwa. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, anatero akuluakulu, koma apa inagulukira m'manja mwa munthu amene lendi yake anali atalipira kale.

Zina zinatsatira. Mu Okutobala 2019 Adobe inauza makasitomala onse a ku Venezuela kuti itseka maakaunti awo chifukwa cha lamulo la boma la America loletsa malonda ndi boma la dzikolo. Inabweza ganizolo patapita masabata ochepa italandira chilolezo. Mu 2022 mitundu yambiri ya utoto ya kampani ya Pantone inachotsedwa m'mapulogalamu a Adobe, ofuna kuigwiritsa ntchito n'kuuzidwa kuti azilipira lendi ina payokha, ndipo ena potsegula mafayilo awo akale anapeza malo a mtundu uja ada bii.

Mwina mukuti, ine ndinagula kotheratu, chimbale ndili nacho, sizikundikhudza. Dikirani. Mapulogalamu ambiri a zimbale, ukawaika pa kompyuta, amayenera kulankhula kaye ndi seva ya kampani pa intaneti kuti atsimikizidwe. Seva imeneyo ikazimitsidwa, chimbale chako ndi choikapo kapu ya tiyi. Mu Disembala 2012 Adobe inazimitsa seva ya CS2, pulogalamu ya mu 2005. Apa ndiiyamikire, inachita zaumunthu: inaika poyera makope osafuna seva, pamodzi ndi manambala ake, kuti amene anagula kale asavutike. Mu Januwale 2013 mbiri inabuka pa intaneti kuti Photoshop ikugawidwa ulere, anthu n'kukhamukirako ngati kwagwa thiraki ya shuga, mpaka kampaniyo inachita kufotokoza kuti makopewo ndi a eni malaisensi okha.

Kwa ife kuno lendi imeneyi ili ndi minga yakeyake. Imalipiridwa mu ndalama zakunja, kudzera pa khadi la ku banki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ku America sunasunthe, koma wojambula wa ku Mzuzu kapena ku Zomba anadzuka m'mawa lendi yake itakwera. Ndipo masiku amene madola akusowa, ukhoza kukhala ndi makwacha okwanira mu akaunti, khadi n'kukanabe. Pulogalamu siimva zoti ku banki kulibe forex. Kutuluka nakonso kuli ndi mtengo wake: mu 2024 boma la America linasumira Adobe ponena kuti inkabisa chindapusa chimene munthu amalipira akasiya pangano la chaka lisanathe.

Tisanamizane, omvera. Tonse tikudziwa kuti makompyuta ambiri m'matauni mwathu ali ndi mapulogalamu amene sanadutse pa kauntala ya aliyense, oikidwa ndi mnyamata wa fulashi pa mtengo wa chakudya chamasana. Sindinabwere pano kudzawadalitsa. Lamulo lathu la umwini wa ntchito zaluso, la mu 2016, limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo wojambula amene amakwiya akaona dizaini yake pa T-sheti ya wina ayenera kukhala woyamba kumvetsa zimenezi. Pulogalamu yothyola imabweranso ndi alendo ake, ma virus amene tsiku lina amatseka ntchito ya zaka khumi. Chimene chimandiwawa n'choti pa dongosolo la lero, amene amagona tulo ndi wakubayo. Kalata ya 2019 ija iye sanailandire. Khadi lake silikanidwa. Wovutika ndi amene anasankha kuyenda njira yowongoka.

Ndiye pempho langa kwa makampaniwa ndi laling'ono. Letsani kugulitsa botolo limene munalichotsera kale mtengo, palibe vuto. Letsani anthu awiri pa laisensi imodzi. Koma munthu amene analipirapo asatsekeredwe kunja kwa ntchito ya manja ake. Asiyireni njira yotsegula fayilo yakale n'kuitulutsa. Si zosatheka, chifukwa Adobe yomweyo imachita zimenezi ndi Lightroom Classic: lendi ikatha, mbali yokonzera zithunzi imatsekedwa, koma zithunzi zako ukhoza kuziona ndi kuzitulutsa. Ngati zikutheka kwa wojambula zithunzi, zikulepherekeranji kwa woyala mabuku?

Podikira kuti amve, amene mwina sadzamva, dzitetezeni nokha. Ntchito ikatha, musasunge fayilo ya pulogalamu yokhayo. Tulutsaninso PDF yabwino yosindikizira. Ya InDesign isungeninso ngati IDML, imene mitundu yakale imatsegula. Pa logo ndi zikwangwani sungani kope lina limene zilembo mwazisandutsa curves, kuti font ikadzasowa dzina la sitolo ya kasitomala lisadzasinthe nkhope. Mawu a buku akhalenso pena pake paokha. Lisiti ndi nambala ya laisensi yakale musataye ngakhale mwachita upgrade, chifukwa ndi yakaleyo imene imachitira umboni kuti yatsopano munaipeza moyenera. Ndipo si ntchito iliyonse imene imafuna lendi. Inkscape, GIMP, Scribus ndi Krita ndi aulere, ndipo laisensi yawo imakulolani kusunga mtundu uliwonse, pa makina ambiri mmene mungafunire, mpaka mutatopa nawo nokha. Affinity nayo, imene kampani ya Canva inagula mu 2024, kuyambira kumapeto kwa 2025 ikupezeka ulere, ngakhale kuti imafuna akaunti ya kampaniyo, ndipo mwini akaunti ndi amene amalemba malamulo.

Amayi a mvano aja atatuluka, ndinawafunsa abwana a shopu ija ngati PageMaker ya mwa Agogo ili ndi mapepala ake. Anaseka, n'kutsegula kabati ya pansi. Bokosi linalimo, lofumbwa m'makona, mkati muli chimbale ndi lisiti imene inki yake inazilala moti sindinathe kuwerenga mtengo.

"Mapepala alipo, achimwene," anatero. "Chimene ndimaopa ine ndi tsiku limene Agogowa adzakane kudzuka. Muli mabuku a mipingo itatu m'menemu."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanawatulutse onse kukhala PDF. Anati akhala akuganiza zochita zimenezo mwezi umene ntchito idzachepe. Anazimitsa Agogo, anazula pulagi kukhoma kuopa magetsi obwera ndi mphamvu, n'kuwafunditsanso chitenje chawo.